Zaka Khumi Zodikira Kanema: Kafukufuku wa Mphekesera za ku Balga

Pakati pa tsiku limene anthu a mafilimu atenga ufulu wa buku, kutanthauza chilolezo choti nkhani ya m'bukumo aisandutse kanema, ndi tsiku limene kamera iyamba kujambula, pamadutsa nyengo yaitali yopanda chooneka ndi maso, ndipo nyengo imeneyi imabala akatswiri a mtundu wina, amene sagwira kamera kapena cholembera koma amadziwa zonse. Mmodzi wa akatswiri oterewa, yemwenso ndi mlembi wa danga lino, amakhala ku Balga, dera la kumpoto kwa mzinda wa Perth ku Australia, ndipo satifiketi yokhayo ya ukatswiri wake ndi yakuti mchombo wake unagwera m'boma la Kasungu.

Buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba analemba mothandizana ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009. Limasimba za William mwiniyo, mnyamata wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, amene atalekera panjira sukulu ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina opukusidwa ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zakudzala, dainamo ya njinga ndi mitengo ya bulugamu, mpaka nyumba ya makolo ake inawala. Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wobadwira ku London mwa makolo ochokera ku Nigeria, analikonda bukuli ndipo anadzipatsa yekha ntchito yolemba sikiripti, ndiko kuti malemba ofotokoza zimene aliyense adzanene ndi kuchita pamaso pa kamera.

Filimuyo inachedwa kujambulidwa, ndipo zifukwa za kuchedwa kwake n'zosavuta kuzimvetsa kwa munthu wofatsa. Ejiofor, amene ankafunanso kuitsogolera yekha, anali asanatsogolerepo filimu yaitali, ndipo eni ndalama sathamangira kumasula thumba kwa woyamba kumene, makamaka ngati akufuna kukajambula kumudzi weniweni ku Malawi, m'chinenero chimene ogula ambiri sanachimvepo. Mwini wakeyo analinso wotanganidwa ndi mafilimu a anthu ena, monga 12 Years a Slave mu 2013, The Martian mu 2015 ndi Doctor Strange mu 2016. Koma mlembi wa danga lino si munthu wofatsa, choncho zifukwa zimenezi anaziona kuti n'zozizira kwambiri kuti n'kukazinena pagulu.

Popeza nthawi ya ku Perth ili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi, mkuluyu anakhazikitsa chiphunzitso chakuti nkhani zimafika msanga ku Balga kusiyana ndi ku Lilongwe, ndipo chiphunzitsochi anachilalikira pa siteshoni ya basi ya Mirrabooka, pootcha nyama Loweruka, ngakhale pa misonkhano yosonkha ndalama za maliro. Poyamba analengeza kuti filimuyo idzajambulidwa ku South Africa, kenako anati yalephereka, kenako anatsitsa mawu n'kuulula kuti azungu akufunafuna munthu wa ku Kasungu wokhala kunja woti awawongolere Chichewa, ndipo amene anamufunsa kuti, "Achimwene, mwazimva kuti zimenezi?" anayankhidwa kuti nkhani za Hollywood sizinenedwa ndi gwero lake. Chibale chake ndi banja la Kamkwamba chinkakulanso molingana ndi kutchuka kwa Ejiofor. Mu 2010 ankangoti ndi anthu a boma limodzi, koma pofika 2014, Ejiofor atalowa m'gulu la opikisana pa mphotho ya Oscar, mlembiyu anali atasanduka msuweni, ndipo anali atagula jekete yodikirira kuitanidwa.

Wotsutsa wamkulu wa maphunziro amenewa anali mayi a kunyumba, amene m'chilimwe cha Disembala, pamene kapinga wa ku Balga amapserera, ankakumbutsa bambo a ana awo kuti mnyamata wa zaka 14 anatulutsa magetsi m'zinyalala, pamene iwo, ndi bokosi lathunthu la masipanala, alephera kukonza fani ya kuchipinda. Mlembiyu ankayankha kuti mphepo ya Fremantle Doctor, imene imawomba kuchokera kunyanja masana a chilimwe, ndi yaulere, ndipo kukonza fani kukanakhala kunyoza chilengedwe.

Kujambula kunayamba mu 2017, mothandizidwa ndi Participant Media, BBC Films ndi British Film Institute, ndipo kunachitikira ku Malawi konko, m'dera lomwe William anakulira. Maxwell Simba wa ku Kenya anatenga mbali ya William, Ejiofor anakhala bambo ake a Trywell, Aïssa Maïga anakhala mayi ake, ndipo woimba wa ku Malawi Lily Banda anakhala mlongo wake Annie. Foni ya ku Balga sinalire. Filimuyi inaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu Januwale 2019, n'kufika pa Netflix pa 1 Malichi chaka chomwecho, ndipo mlembiyu anauza aliyense wofuna kumva kuti zonse zayenda monga momwe iye ananenera.

Usiku woionera anavala jekete ija m'nyumba mwake momwe, n'kukhala pafupi ndi wailesi ya kanema ndi kope pamwendo kuti alembe zolakwa za Chichewa cha ochita sewero, nkhani imene Amalawi ambiri anaikambadi masiku amenewo. Anaimitsa filimu kangapo pofuna kuonetsa pamene Ejiofor wakweza mawu ofunika kutsitsa, mpaka ana ake, obadwira ku Perth, anamupempha m'Chingerezi kuti akhale chete ndi kusuntha mutu, chifukwa unkawatchinga malemba a pansi pa chithunzi amene ankawamasulira zonena za anthu a kwawo kwa bambo awo.