Kalata ya ku Joni: Nkhondo Ili pa Chidendene

Johannesburg, Julayi

Okondedwa Amayi,

Mwana wanu kuno ali moyo, kungoti zala zakumapazi ndiye sakuzimva. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu Juni ndi Julayi kumacha udzu utayera mbee ndi chisanu. Pa 10 Julayi 2023 kunagwa sinowo weniweni, Amalawi n'kumajambulitsa zithunzi mano akugundana. Kuzizira kwa ku Dedza kumene mumadandaula nako kuja n'chibwana.

Nkhani ndi iyi, koma amalume asaimve: mwana wanu wayamba kuluka masokosi. Agogo ake anabwera pa Wenela kudzakumba golide, mdzukulu wagwira singano. Wamuphunzitsa ndi gogo wina amene amakamusamalira maluwa. Kuno kuluka si zamanyazi, mpaka kuli gulu lotchedwa 67 Blankets for Nelson Mandela Day, limene anayambitsa Carolyn Steyn, loluka mabulangete opatsa osowa.

Sokosi siilukidwa ndi singano ziwiri za juzi zija. Pamafunika zisanu, zosongoka mbali zonse, zonenepa mamilimita 2.5. Zinayi zimagwira masitichi 64, iliyonse 16, pamene yachisanu imaluka mozungulira kuti pasakhale msoko. Mukamuona mwana wanu akuluka mungayese akulimbana ndi nungu. Pamwamba amaluka masitichi awiri akutsogolo, awiri akumbuyo, kuti sokosi igwire mwendo, isamatsikire mu nsapato.

Ulusi wake ndi wosakaniza: magawo 75 pa 100 ubweya wa nkhosa, 25 nayiloni wolimbitsa, ndipo magalamu 100 amakwana miyendo yonse iwiri. Dziko lino lilinso ndi mbuzi za Angora ku Karoo, zimene zimatulutsa pafupifupi theka la ubweya wa mohair wa padziko lonse, wogulitsidwa ku Gqeberha. Muziuze mbuzi zanu zija, zimene ntchito yake n'kudya chimanga cha eni ndi kutibweretsera milandu kwa amfumu.

Kutsika ndi mwendo aliyense angathe, ngakhale akuonera mpira. Pofika pa chidendene ndiye wailesi imazimitsidwa. Amapatula theka, masitichi 32, n'kumaluka chopita ndi chobwerera mizere 32, akudutsitsa sitichi imodzi osailuka, yotsatira n'kuiluka, kuti pakhuthale, popeza m'pamene nsapato imadya. Kenaka amakhotetsa. Amaluka kupitirira pakati pang'ono, n'kumanga awiri pamodzi, n'kutembenuka mzere usanathe. Ulendo uliwonse amaonjezera sitichi imodzi, mpaka atatsala 18, ndipo mwadzidzidzi m'manja mumapezeka kachikho kokhalamo chidendene. Apo amatola masitichi 16 mbali iyi, 16 mbali inayo, n'kumachepetsa awiri podumpha mzere umodzi mpaka abwerere pa 64. Akatola molekerera pamatsala kabowo pa kakolo, ndipo mphepo ya ku Joni siichedwa kukapeza.

Ku zala n'kosavuta. Kukatsala masentimita 5 amachepetsa anayi podumpha mzere, n'kutseka ndi singano yosokera mwa njira ya Kitchener, imene siisiya mfundo yotupitsa matuza.

Anyamata a m'nyumba muno ku Mayfair poyamba ankaseka mpaka kugwa pa mipando, ena kumutchula nachisale. Lero ali pamzere ndi maoda, makamaka alonda ogwira usiku. Vuto ndi matenda amene oluka onse amawadziwa: ukamaliza sokosi yoyamba, mtima umakana kuyamba yachiwiri. Mlonda wina wa ku Mangochi analephera kudikira, anangolanda imodzi yomweyo. Akuti amaivala kumanzere mpaka pakati pa usiku, kenaka n'kusinthira kumanja, ndipo walipira theka la mtengo. Mankhwala a matendawa, malinga ndi gogo uja, ndi kuyamba yachiwiri tsiku lomwelo ndi kulemba mizere papepala, kuopa kuti ina ingatuluke ya mwana, ina ya Goliyati.

Za ndalama ya feteleza ija mwana wanu sanaiwale, ikubwera kutha kwa mwezi. Masokosi anu ndi a bambo adzadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza m'chikwama cha mnzake wobwera pa basi. Muzidzachapa ndi madzi ozizira, osafinya ndi mphamvu, osapikitsa pamwala. Madzi otentha amafwaphitsa ubweya, sokosi ya bambo n'kusanduka ya khanda.

Chofunika pano ndi muyeso. Tengani chingwe, muyeze phazi la bambo kuchokera ku chidendene kufika ku chala chachikulu, muzungulizenso potakata pa phazi, ndipo achemwali atumize masentimita ake pa WhatsApp. Chonde muwayeze nokha ataimirira, chifukwa akadziyeza okha aonjezera.

Moni kwa onse kumudziko.

Mwana wanu wa ku Joni