Inu oweta nsato, ndiloleni ndifunse

Galu amalonda pakhomo, mphaka amagwira makoswe, nkhuku imaikira mazira, mbuzi imaombola mwini wake pa tsiku la mavuto. Chiweto chilichonse chimene ndinakula ndikuchiona chili ndi ntchito yake, ndipo ngakhale mwana akhoza kuitchula mosadodoma. Ndiye ndikamva kuti ku America, ku Britain, ku Germany ngakhalenso ku South Africa kuli anthu ambirimbiri amene amapisa m'thumba kugula njoka, n'kuikonzera khola m'nyumba momwe amagonamo, mutu wanga umaima. Sindikunyoza ayi. Ndikungofuna kumvetsa, paja safunsa anadya phula. Inu amene mumaweta njoka yotchedwa ball python, pepani, ndili ndi mafunso, ndipo ena ndi achibwana.

Kodi simuopa? Mumandiyankha kuti njokayi ilibe ululu, ndi ya banja la nsato, zimene zimapha nyama poikulunga ndi kuifinya. Nsato ndikuidziwa. Ya kwathu kuno imatha kupitirira mamita 4 ndipo imameza mbuzi yathunthu. Yanuyi mukuti nthawi zambiri sipitirira mita imodzi ndi theka, ndipo ikaopsezedwa, m'malo moluma, kawirikawiri imadzikulunga ngati nkhata, mutu n'kuubisa pakati. Ine ndimayesa woopa ndi munthu, koma zikuoneka kuti wamantha ndi njokayo. Nanga nyama yamantha chotere mumaisunga bwanji m'nyumba ya anthu, momwe ana amathamangathamanga ndipo magetsi amayaka mpaka pakati pa usiku?

Mukuti ndiyambe ndafunsa za kwawo. Chabwino, kwawo n'kuti? Akatswiri amaitcha Python regius, ndipo George Shaw wa ku England ndiye anayamba kuilemba m'mabuku a sayansi mu 1802. Imapezeka kuyambira ku Senegal, kudutsa Ghana, Togo, Benin ndi Nigeria mpaka ku Uganda, m'tchire la udzu, m'mphepete mwa nkhalango ndi m'minda ya anthu. M'tchire la ku Malawi ndi ku Zambia mulibemo. Masana imakhala mu una umene unakumbidwa ndi makoswe kapena m'mphako za chulu, momwe muli mdima, chinyezi ndi kufunda kosasinthasintha, ndipo imatuluka dzuwa likalowa. Kodi ndiye kuti chimene mukumanga m'nyumba mwanumo ndi una wa ku Ghana wokhala ndi chitseko cha galasi?

Ngati ndi choncho, bokosi lalikulu n'lachiyani? Mukuti njoka yaikulu imafuna khola la masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu, makamaka la pulasitiki wa PVC kapena la matabwa, chifukwa limasunga kutentha ndi chinyezi kuposa la galasi lotsekedwa ndi waya pamwamba. Mukuti usiku njokayo imayendayenda, imakwera nthambi, imafuna podziwongolera thupi lonse. Komanso mukuti malo a mbee imawaopa, choncho kholalo mumalidzaza ndi makungwa, nthambi ndi masamba kuti iziyenda mosaonekera. Chitseko nachonso chizikhala chokhoma, poti imakankha ndi mphuno paliponse mpaka itapeza kampata.

Apa mpamene ndimazunguzika kwambiri. Munthu wagula njoka chifukwa cha kukongola kwake, kuti aziiona. Bwanji nanga akuiguliranso tinyumba tobisalamo kuti isamaoneke? Ndipo bwanji tiwiri, njoka ili imodzi? Yankho lanu landiphunzitsa kanthu. Njoka sipanga yokha kutentha kwa thupi lake monga ife. Ikafuna kufunda imapita pofunda, ikatenthedwa imasamukira pozizira. Choncho khola liyenera kukhala ndi mbali yotentha madigiri 31 kapena 32, ndi mbali ina ya madigiri 24 mpaka 27. Mukaika kanyumba kamodzi kokha, njokayo imasankha kubisala kusiyana ndi kufunda, ndipo imatha kuzizidwa mpaka kudwala ili m'kanyumbako. Tikakhala tiwiri, kena kotentha kena kozizira, siyenera kusankha pakati pa mantha ndi thanzi. Mukuti tikhale tothina, tokhudza thupi mbali zonse, tokhala ndi khomo limodzi. Kodi mwini wake mtima sumupweteka kuona khola looneka ngati lopanda kanthu masana onse? Kapena mukuti njoka yobisala masana ndiyo ili pamtendere?

Za kutenthazi ndifunsenso. Mumanenetsa kuti chotenthetsera chilichonse, kaya ndi babu wa pamwamba kaya kamphasa ka magetsi koika pansi, chilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo kamene kamachepetsa kapena kuzimitsa moto kutentha kukapyola muyeso. Chifukwa chiyani? Njokayo singangochokapo ikamva kuwotcha? Mukuti ayi, imatha kugona pa chinthu chotentha mpaka mimba kupsa, osasuntha. N'chifukwa chake miyala yotenthetsa ndi magetsi mumaikana, ndipo babu wa m'kati mwa khola mumamutchingira ndi waya kuti njoka isamukulunge. Dzanja la munthu nalo mukuti siliyeza zoona, m'pofunika zoyezera kutentha ziwiri, mbali iyi china, mbali iyo china. Nanga kumene magetsi amathimathima, m'nyengo yozizira, munthu amatani? Mukuti afunditse khola ndi bulangeti, aike pafupi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, ndipo asaidyetse mpaka kutentha kutabwerera, chifukwa njoka yozizidwa sigaya chakudya. Kodi amene akugula kamwana ka njoka pamsika amauzidwa zonsezi?

Chinyezi nacho ndimayesa ndi mdani wa nyumba, koma inu mumachiyeza ndi kachipangizo n'kumachifuna chifike 60 peresenti, ndipo chikwere ndithu njoka ikamafundula. Pansi pa khola mumayala makoko a kokonati ophwanyaphwanya, amene amasunga chinyontho. Utuchi wa paini ndi wa cedar mumaukana chifukwa mafuta ake amavulaza njira yopumira. Koma mukutinso pansi pasachite dambo, poti mamba a pamimba amaola. Mbale ya madzi ikhale yolemera kuti isagudubuzike, madzi ake azisinthidwa pafupipafupi. Nanga munthu amadziwa bwanji kuti wapeza muyeso wabwino? Mukuti khungu lofundula ndilo limanena. Masiku angapo isanafundule, maso ake amachita mbuu, chifukwa njoka ilibe zikope, diso lake limaphimbidwa ndi kamamba koonekera kamene kamachokera limodzi ndi khungu. Khungu likachoka lathunthu, zinthu zili bwino. Likachoka zidutswazidutswa, n'kutsalira m'maso kapena kunsonga kwa mchira, ndiye kuti m'kholamo mwauma. Ndipo mukuti lotsaliralo osalisenda ndi zala, koma kuwonjezera chinyezi kuti lifewe.

Tsopano tsiku lafika, njoka yabwera m'kathumba ka nsalu. Mukuti khola likhale litakonzedwa kale ndi kuyatsidwa masiku angapo, kuti muone ngati kutentha kukukhazikika. Kenako mukuti aiike m'kholamo, atseke, aisiye mlungu wathunthu osaigwira, ndipo ena mumati adikire mpaka itadya kangapo. Munthu watulutsa ndalama zake, mtima uli dyokodyoko, ana akufuna kuiona, anzake akufuna chithunzi, inu mukuti asiye? Mukuti inde, chifukwa njoka yosokonezedwa imakana kudya. M'milungu yoyambayo mumayala mapepala oyera m'malo mwa makoko, kuti nthata zakuda zimene zimayamwa magazi ake zioneke msanga. Akayamba kuigwira, mukuti aziinyamula ndi manja awiri, kuichirikiza thupi, osaitsina pakhosi, kwa mphindi zochepa chabe. Kodi ndiye kuti phunziro loyamba la woweta njoka ndi kudziletsa?

Imadya chiyani? Mbewa ndi makoswe, mwatero. Mbewa timazidziwa, timakumba tokha m'munda tikakolola. Koma inu mukuti zakutchire ayi, zimakhala ndi njoka zam'mimba ndipo zina zimakhala zitadya poizoni. Zanu ndi zoweta, zophedwa kale, zosungidwa m'firiji. Mumazisungunula pang'onopang'ono, n'kuzifunditsa m'madzi ofunda, n'kuzipereka ndi chopanira. Bwanji osapereka yamoyo monga kutchire? Mukuti khoswe wamoyo wotsekeredwa m'bokosi limodzi ndi njoka imene ilibe njala amailuma mpaka zilonda. Nanga yakufa imaizindikira bwanji kuti ndi chakudya? Mukuti lilime lake limatola fungo, ndipo m'mphepete mwa mlomo wake wam'mwamba muli timaenje tomva kutentha kwa nyama ngakhale mu mdima, n'chifukwa chake mbewa yozizira imaingoyang'ana. Kukula kwa mbewa kufanane ndi pamene njokayo yanenepa kwambiri. Kamwana kamadya masiku 5 kapena 7 aliwonse, yaikulu kamodzi pa milungu iwiri kapena kuposerapo, ndipo ikadya isagwidwe kwa masiku awiri kuopa kuti ingasanze. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti yaikulu, makamaka yamphongo, imatha kukana chakudya miyezi ingapo ili bwinobwino. Mwini wake amagona tulo? Mukuti amaiyeza pa sikelo n'kumalemba, ndipo sada nkhawa pokhapokha ikamatsika thupi.

Funso limene limandivutitsa mtima ndi ili: nyama imene silira, sibuula, ngakhale kutsinzina sitsinzina, mumadziwa bwanji kuti ikumva kuwawa? Mukuti mumayang'ana. Ikamapuma ndi kaphokoso, pakamwa pali yasa, thovu likutuluka, ndiye kuti m'chifuwa mwalowa matenda. Ikamakhalitsa m'mbale ya madzi, mumafufuza nthata kapena kutentha kopyola. Pamimba pakafiira kapena kuchita matuza, mumaganizira kupsa kapena kuola kwa mamba. Mukutinso si dokotala aliyense wa ziweto amene amadziwa njoka, choncho munthu amupeze asanagule, osati itadwala kale. Nanga anthu a m'nyumbamo? Mukuti njoka zimanyamula tizilombo ta Salmonella ngakhale zili zathanzi, choncho kusamba m'manja ndi sopo n'kosakambirana, ndipo bungwe la CDC ku America limalangiza kuti ana osakwana zaka 5 asamagwire nyama zotere.

Ndifunseko za maonekedwe. Yakutchire ndi yakuda, ya mawanga ofiirira ndi agolide. Nanga zoyera, zachikasu ndi zamathothomathotho zimene zili m'masitolo zinachokera kuti? Mukuti oweta amasankha zobadwa ndi mtundu wachilendo n'kumazikweretsa. Bob Clark wa ku America anaswetsa ya albino mu 1992, Peter Kahl anaswetsa ya piebald mu 1997, ndipo lero mitundu yake ndi yosawerengeka. Koma pali wina wotchedwa spider, wa mizere yokongola, umene umabadwa ndi vuto logwedeza mutu ndi kuphonya chakudya poluma. Mu 2018 bungwe la International Herpetological Society ku Britain linaletsa kuugulitsa pa zionetsero zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati zikudziwika kuti kukongolako kumadza ndi chilema, bwanji ena akuswetsabe? Kukongolako kumapindulira ndani, njoka kapena woiyang'ana?

Ndipo imene mwagulayo inabadwira kuti? Chiyambire 1975, chaka chimene pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama zakutchire linayamba kugwira ntchito, njoka za mtundu wa ball python zoposa 3 miliyoni zatuluka kumadzulo kwa Africa, makamaka ku Togo, Benin ndi Ghana. Alenje amakumba mauna, kutenga zazikazi zokhala ndi mazira, ana akaswa n'kutumizidwa kunja pa ndege. Mu 2021 bungwe la IUCN linaiika m'gulu la nyama zimene zayandikira kukhala pa chiopsezo. Komatu kwawoko ena amailemekeza. Ku Ouidah m'dziko la Benin kuli kachisi wa nsato, ndipo ikalowa m'nyumba ya munthu saipha, amaibweza mwaulemu. Pakati pa anthu a mtundu wa Igbo ku Nigeria, m'madera ena, yophedwa mwangozi amaiika m'manda ndi mwambo wa maliro. Kodi n'kovuta kuti wogula afunse wogulitsa ngati njokayo inaswedwa ndi oweta kapena inachokera kutchire, ndi kupempha mapepala ake? Kodi n'kovuta kufunsa kaye ku ofesi yoona za nyama zakutchire ngati malamulo a dziko lake amalola?

Latsala ndi funso la zaka. Njoka imeneyi ikasamalidwa imakhala zaka 20 mpaka 30, ndipo ku Saint Louis Zoo ku America ina ya zaka pafupifupi 62 inaikira mazira 7 mu 2020. Mnyamata amene akuigula lero ali ku sekondale adzakhala ndi ana akeake iyo ikadali m'khola. M'zaka zonsezo sidzamuthamangira akamabwera ku ntchito. Mukuti chachikulu chimene ingachite ndi kuzolowera fungo la manja ake n'kuleka kudzikulunga akainyamula, ndipo kwa inu chimenecho n'chokwanira. Ndikukhulupirirani, ndipo ndayamba kulemekeza munthu amene amayeza kutentha m'mawa uliwonse chifukwa cha nyama imene singamuthokoze. Koma poti njokayo singanene kuti ndazizidwa, ndapsa kapena ndikuopa, mafunso onsewa ayenera kufunsidwa ndi mwini wake, tsiku ndi tsiku, m'malo mwake. Ndiye inu amene mukuganiza zogula, ndikufunseni lomaliza: mukadzasamuka dziko, mukadzakwatira munthu woopa njoka, kapena ntchito ikadzatha ndalama ya magetsi n'kusowa, adzaisamala ndani? Ngati yankho simunalipeze, dikirani kaye, musagule.