Nyale ya mwana wa mnzako

Pa ploti yathu ku Chawama pali zitseko 9, mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Panalinso mtsikana wa Giredi 11 amene ambirife sitinkamudziwa ngakhale dzina, tinkangoti “uja wa amayi a vitumbuwa.” Lachisanu lotsekera sukulu anabwera ndi masatifiketi awiri, buku la masamu ndi nyale ya sola. Pofika madzulo anali atapeza azakhali asanu, amalume atatu ndi agogo mmodzi wa ku Mongu, chonsecho banja lawo ndi la ku Katete. Mwa amalume atatuwo, wachiwiri ndinali ine.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ndinkayesa kuti mwambi umenewu unatsala kumudzi, kuti basi ya ku Chipata inausiya pa mlatho wa Luangwa. Kuno ku komboni ukangodzudzula mwana wa mnzako, amake amakutulukira atamanga chitenje m'chiuno, ndipo ploti yonse imamva mbiri ya banja lako kuyambira agogo ako. Koma ndinaunamizira mwambiwo. Unafika ndithu mu Lusaka, kungoti tinaudula pakati. Chigawo choyamba timachinena pamaliro. Chachiwiri timachisungira tsiku logawa mphotho.

Kusukuluko ndinaliko, ngakhale sindinapitire mtsikanayo. Mwana wa mlongo wanga amaphunzira komweko, ndipo amake anandituma kukatenga lipoti lake chifukwa iwo sakanasiya tebulo lawo la tomato ku Soweto. Tinakhala pansi pa tenti kuyambira 9 koloko. Mlendo wolemekezeka anafika dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kulangiza ana za kusunga nthawi. Kwaya inaimba, atsikana a ndodo anaguba, a kalabu ya mtsutso anakangana m'Chingerezi chimene makolo tinachiwombera m'manja mwachikhulupiriro. Kenako panabwera sewero la kolera. Nkhani imeneyi kuno safotokozera munthu: mu 2024 sukulu zinatsegulidwa pa 12 February m'malo mwa January, odwala atadzaza bwalo la mpira la Heroes. Mnyamata wina anavala thumba la makala, n'kudzipaka phulusa kumaso, ndiye anali kachilombo ka kolera. Ankakwawa pansi pa mipando ya makolo akununkhiza manja athu kuti aone amene sanasambe. Anthu anaseka mpaka misozi. Mayi wa pambali panga anafunsa kuti, “Kodi ameneyu ndi mwana wa ndani?” Ine lipoti linali kale m'thumba, lolembedwa nambala 61 mwa ana 74. Ndinayankha kuti ana a masiku ano amafanana.

Mtsikana wa pa ploti yathu anapambana masamu, ndiponso ku JETS, kalabu ya ana okonda sayansi imene yakhala m'sukulu za Zambia kuyambira 1968. Anapanga chosefera madzi ndi ndowa ziwiri, mchenga, miyala ndi makala. Mphotho yake ndiyo inali nyale ija. Ikanakhala nyale yongowala, bwenzi nkhaniyi itathera pomwepo. Tsoka lake, kumbuyo kwake kuli kabowo kotchajira foni.

Amene sakhala kuno mwina sangamvetse. Chitabwera chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba, malaiti anayamba kubwera ngati mlendo wa ngongole: usiku anthu ali mtulo, n'kuchoka tambala asanalire. Munthu wokhala ndi potchajira foni m'komboni anasanduka mfumu. Ndiye nyale itangoikidwa pakhonde, amayi a chitseko chachitatu anabwera akululutira, n'kumukumbatira mtsikanayo, n'kunena kuti tsiku limene anabadwa ndi iwo anaperekeza amake ku kiliniki. Amayiwa anasamukira pa ploti pano zaka zitatu zapitazo. Atamaliza nthungululu anapisa dzanja m'chitenje n'kutulutsa foni, chingwe chake chili cholumikiza kale.

Abambo a ku Mongu aja anati kwawo mwana aliyense wanzeru ndi mdzukulu wa munthu wamkulu amene ali pafupi, ndipo pa ploti pano wamkulu ndi iwo. Palibe amene anapitako ku Mongu kuti awatsutse. Alandilodi sanavutike n'kufunafuna ubale. Iwo anafotokoza modekha kuti nyale imadya dzuwa, dzuwalo limagwera pa malata awo, malatawo anagula okha, choncho kutchaja koyamba kwa tsiku lililonse n'kwawo. Ndinaona kuti mfundo imeneyi ikanapambana ku kalabu ya mtsutso ija.

Ine ndinadikira kuti phokoso lichepe. Ndinakumbukira kuti chaka chatha ndinamupeza mtsikanayo ali pa mpopi, ndipo ndinamuuza kuti, “Uzilimbikira sukulu.” Mawu awiri amenewo ndinawayesa pa sikelo, ndinapeza kuti akukwana kutchaja foni kawiri pa sabata. Ndinapita pakhonde paja n'kunena kuti, “Amayi, mwana wathuyu watichotsa manyazi.” Amake anandiyang'ana, n'kuyang'ana thumba la malaya anga mmene chingwe chinkasuzumira, n'kunena kuti, “Zikomo amalume, ikani pamzere.”

Lamlungu panali patapachikidwa kale ndandanda pa chitseko cha chimbudzi, pamalo pamene aliyense amawerenga mosathamanga. Inalembedwa ngati ya chilimba: Lolemba chitseko choyamba ndi chachinayi, Lachiwiri chachiwiri ndi chachisanu, choncho mpaka Loweruka. Panabuka mlandu wa mafoni akuluakulu amene amamwa moto wambiri, ndipo tinagwirizana kuti wa foni ya mabatani azitchaja kawiri pamene wa foni yosisita atchaja kamodzi. Wina anafunsa ngati wailesi ikuwerengedwa ngati foni. Wina anabweretsa makina ometera. Tsiku la mitambo linkabweza ndandanda yonse m'mbuyo, ndiye anthu amene kale ankapempherera mvula kuti Kariba idzaze anayamba kuyang'ana kumwamba ndi mitima iwiri.

Pa WhatsApp napo ubale unafalikira. Chithunzi cha mtsikanayo atanyamula satifiketi chinaikidwa pa mafoni 7, chilichonse ndi mawu akuti mwana wathu, magazi athu, nzeru za kubanja. Azakhali ena anachidula bwinobwino kuti amake enieni, amene anaima pambali ndi chitenje cha mafuta a vitumbuwa, asaoneke. Mafoni onsewo anatchajidwa ndi nyale yomweyo, ndiye tinganene kuti mtsikanayo analipira yekha kulengeza kwa abale ake atsopano.

Sabata yachiwiri nyale inayamba maulendo. Inakagona kumaliro ku George, chifukwa womwalirayo anali mlamu wa azakhali achitatu, ndiye kuti mwa njira ina anali m'bale wa nyaleyo. Inakawalitsa kitchen party ku Matero. Inakachezera mapemphero a usiku wonse ku Kanyama, n'kubwerako itadalitsidwa koma chogwirira chitathyoka. M'masiku 14 inaona Lusaka kuposa mwini wake, amene chibadwire sanalowepo pa geti la yunivesite ya UNZA, ngakhale ndiko akulota kukaphunzira.

Usiku wina ndikupita kukatenga foni yanga kwa alandilodi, ndinadutsa pa zenera la amayi a vitumbuwa. Mtsikana uja anali atagona chafufumimba pa mphasa, buku lake la mphotho lili kutsogolo, akuwerenga ndi kandulo.

Ndinaima pamenepo nthawi yotalikirapo kuposa mmene munthu amayenera kuimira pa zenera la eni ake. Ndinakumbukira mayi wina wa kantemba kumsewu, amene ali ndi kababu ka batire. Kuyambira Giredi 8 mtsikanayu wakhala akuwerengera pansi pa kababu kameneko, atakhalira kireti ya zakumwa, mpaka nthawi yotseka. Mayiyo sanabwere kudzalulutira, ndipo dzina lake pa chitseko cha chimbudzi palibe. Manja amene makolo ankanena ndi amenewo, opatsa mwana asanakhale kanthu. Athufe ndi ochenjera ndithu, koma amachenjerera kumapeto, mphika utaphulidwa kale.

Komatu dziko lonse linalowa mu mwambi umenewu, kaya tinazindikira kapena ayi. Kuyambira January 2022 boma la a Hakainde Hichilema linachotsa fizi m'sukulu za boma mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000. Ndiye kuti msonkho wa aliyense, ngakhale wa munthu amene alibe mwana, ukuphunzitsa ana a anzake. Ine ndimagwirizana nazo, ngakhale zinadzaza makalasi mpaka ana kukhala anayi pa desiki ya awiri. Ana amene kale ankangozungulira m'misika anabwerera m'kalasi, ndipo ena mwa iwo ndi amene akutenga manambala a kumunsiwo. Pa tsiku la mphotho amaitanidwa atatu, ena 71 amapita kwawo atapinda lipoti kangapo kuti likwane m'sokosi. Amenewo sapeza azakhali a ku chitseko chachitatu. Ena ngakhale amalume awo enieni amati ana a masiku ano amafanana.

Mwana wa mlongo wanga anabwera Loweruka kudzatenga lipoti lija. Sanafunse za nambala, ankaidziwa. Anangoti, “Amalume, munandiona?” Ndinati ndinamuona. Anati iyenso anandiona, ndipo atafika pa mpando wanga anandidumpha dala osandinunkhiza manja, kuopa kundichititsa manyazi. Anandiuza kuti sewero lonse analemba yekha, kuti aphunzitsi a kalabu amatsala nawo masana aliwonse a Lachitatu popanda wowawonjezera ndalama, ndipo kuti temu ikubwerayi akapikisana ndi sukulu zina pa mpikisano wa zamasewero wa NASAAZ.

Tikucheza choncho alandilodi anaitanitsa msonkhano wa ploti yonse. Batire ya nyale yayamba kufooka, tsopano ikungokwanitsa mafoni awiri pa tsiku. Titakambirana mwakuya, tinagwirizana kuti mwana wathu alimbikire kwambiri temu ikubwerayi, ndipo ngati n'kotheka apambane chinthu chokulirapo, chokhala ndi mabowo anayi. Agogo a ku Mongu ataona mnyamata ali pambali panga anafunsa ngati zamasewerozo nazonso zili ndi mphotho. Mnyamatayo anati opambana amalandira chikho.

“Chikhocho chimatchaja?”

Anati ayi. Agogowo anatembenukira kwina, ndipo mnyamatayo anatsala ndi amalume mmodzi yekha. Ndamulonjeza kuti ndidzapita kukaonera, ndipo ndidzamujambula kanema kuti amake adzaone. Ndapempha kale a chitseko chachisanu kuti sabata imeneyo tidzasinthane tsiku pa ndandanda.