Kanema Akadwala, Aliyense Ndi Dokotala

Loweruka masana, mpira wa ku England utatsala pang'ono kuyamba, m'nyumba zambiri ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi mumachitika mwambo umodzi. Bambo akhala pampando wawo uja sakhalapo munthu wina, aneba awiri afika "kudzangopereka moni", ndiye pakanema pangolembedwa kuti No Signal.

Woyamba kulangidwa ndi rimoti. Bambo amaimenyetsa pachikhatho, kenako atulutsa mabatire nkuwasinthanitsa malo. Ena amafika powaluma ndi mano, ena amakawayanika padzuwa ngati ufa. Batire la AAA limatulutsa mavoti 1.5, ndipo likatha latha basi. Kuliluma kumangoliboola, mankhwala a m'kati mwake nkudya tizitsulo ta rimotiyo. Chonsecho njira yoyezera ili m'thumba la aliyense. Rimoti imatumiza kuwala kwa infrared komwe maso saona, koma kamera ya mafoni ambiri imakuona. Mukailozetsa ku kamera nkudina batani, kakuwala kakaphethira ndiye kuti rimotiyo ilibe mlandu.

Apa mpamene amaimirira neba uja anakhalako ku Joni.

"Achimwene, ichi ndi IC, yapsa," amatero asanakhudze nkomwe kanemayo. Amazula nthambo zonse kumbuyo nkuzibwezeretsa mwa nzeru zake: yachikasu, yomwe imanyamula chithunzi, aisomeka pabowo loyera la mawu, ndipo yofiira ailowetsa paliponse pamene yalola. Tsopano sabufa yayamba kung'ung'udza, chithunzi kulibe. Mwana wa sitandade 5, amene m'mawa ankaonera makatuni a pa fulashi, akudziwa bwino kuti kanemayo angofunika kudina Source nkubwerera ku HDMI 1, kumene kuli dikoda. Koma mwana salankhula akulu akamakonza zinthu. Akangoti "Adadi, mwina...", yankho ndi loti akathandize amayi ake kukhitchini.

M'nyengo ya mvula mlandu umapita padenga. Mvula yamphamvu ndi mitambo yochindikala zimafooketsa siginolo yochokera ku setilaiti, ndipo dikoda ya DStv imalemba E48-32. Mankhwala ake ndi kudikira kuti mvula ikate. Koma kudikira kumaoneka ngati ulesi pamaso pa alendo, choncho amatuma mphwawo wochokera kumudzi kuti akwere pamalata onyowa akagwedeze dishi. Wina amaima pakhomo, wina pawindo, uthenga nkumadutsa pakamwa ndi pakamwa: "Tembenuza pang'ono! Eya! Ayi, bwerera!" Dishi imene inali bwinobwino imasiya kuloza setilaiti, mvula ikata, chithunzi osabwera, ndipo Lolemba mpofunika kulipira katswiri wodzaikhazikanso.

Palinso uthenga wina, E16, umene bambo aliyense wa m'tauni amaudziwa koma safuna kuuwerenga mokweza. Tanthauzo lake ndi loti mwezi watha, ndalama sizinalipiridwe. Pamenepa bambo amasuzumira panja, mu Okutobala, thambo lili mbee, nkunena modandaula kuti masiku ano netiweki ikuvuta. Aneba amavomereza mwaulemu, poti nawonso chowabweretsa pano ndi E16 yomweyo. Mayi, omwe akudziwa kumene kunapita ndalamazo, amangodutsa ndi mbale osayang'ana munthu.

Zoseketsa zimatha tikafika pa magetsi. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi mavoti 230, ndipo soketi zake nza mabowo atatu monga za ku Britain. Zipangizo zambiri zapamsika zimabwera ndi pulagi ya mano awiri, ndiye anthu amatsegula bowo lapamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni kapena kamtengo ka machesi nkukankhiramo. Pa ekisitenshoni imodzi pamakhala kanema, dikoda, sabufa, matchaja anayi, nthawi zina ndi ayironi yomwe. Fyuzi, imene ntchito yake ndi kudula magetsi zinthu zisanayake, ikapsa, ena amakulungapo kawaya kuti isadzavutenso. Magetsi akathima, palibe amakumbuka kuzula mapulagi, aliyense akudikira kukuwa kuti "Ayaka!" Koma nthawi imene akubwerayo ndi imene mphamvu imatha kudumpha nkuwotcha gawo lolandira magetsi m'kanema.

Kenako kanemayo amamangidwa m'chitenje, ulendo wa pa kabaza kupita kwa wokonza mawailesi kumsika. Kumeneko amakapeza anzake ataunjikana mpaka kudenga, fumbi lili mbuu, ena eni ake anawaiwala kalekale. Wokonzayo amayang'ana kumbuyo, kupukusa mutu, nkunena kuti sipeya achokera ku Limbe, mubwere mawa. Mawa lake limatha kufika ligi itatha.

Inu a m'tauni, musanatume mwana wa eni padenga, yambani mwadina Source, onani tsiku lomwe munalipira dikoda, ndipo gulani TV guard yoteteza kanema magetsi akadumpha. Mtengo wake sufika olo theka la kanema watsopano.