Gonani Kaye Pansi, Bwana

Pali matenda ena amene amagwira amuna a m'tauni akafika msinkhu woti polowa pakhomo mimba ndiyo imatsogola. Sayamba ndi kutentha thupi ayi. Amayambira pa maloboti, iwe uli m'kagalimoto kako kapansipansi, pambali pako n'kudzaima chigalimoto chachitali, mwini wake n'kusuzumira, n'kuona dazi lako lonse lija umalibisa ndi kapesedwe. Kuyambira pamenepo umayamba kudandaula za misewu yakumudzi, chikhalirecho kumudziko umapita pa maliro pokha.

Ine matendawa anandigwira ndili ndi chifukwa chomveka, ndipo ndikufuna chilembedwe. Ndine mkamwini. Kwawo kwa mayi a kunyumba ndi kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi, ndipo pakati pa msewu wa tala ndi mudziwo pali dambo la makande lomwe kuyambira Disembala mpaka Malichi silidziwa kuti uyu ndi bwana. Dzinja lililonse ndinkasiya galimoto pa golosale ina, ulendo n'kumalizira pa kabaza, shuga ndi sopo zili pamiyendo. Mkamwini wofika pa kabaza mpando amampatsa ndithu, koma ndi uja wa mwendo umodzi waufupi.

Musaganize kuti ndinagula mwaumbuli. Ndinawerenga. Ndinkadziwa kuti Land Cruiser 70, ija mumaiona itanyamula odwala ndi anthu a mabungwe m'midzimu, inayamba kupangidwa mu 1984, ndiponso kuti injini yake yotchuka ya 1HZ ndi ya malita 4.2, masilinda 6, yopanda tebo. Ndinkadziwa kuti Pajero inatuluka mu 1982 ndipo inapambana mpikisano wa Dakar maulendo 12. Ngakhale kakang'ono kaja ka Jimny ndinkakadziwa kuti ndi ka 1970. Pa bawo ndinkafotokoza mmene munthu amakwerera makona 20 a Golodi kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia, ndi mmene amalowera ku Nyika kudzera pa Thazima mpaka ku Chelinda. Anzanga ankamvetsera mwaulemu, podziwa kuti kumpoto ndinalekezera pa Jenda.

Mtundu wa galimoto yomwe ndinagula sinditchula, chifukwa amene anaipanga ku Japan anaipanga yathunthu. Kumeneko galimoto imayesedwa mwalamulo zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wa kuyesako ndi umene umachititsa ambiri kugulitsa zawo zisanatope. Yangayi inakwera sitima, inatsikira pa Dar es Salaam, inadutsa Morogoro, Iringa ndi Tukuyu n'kulowera pa Songwe kalekale. Zomwe zinaichitikira italowa muno ndi nkhani ya ife tokhatokha.

Dobadoba amene anandipezera anati inali ya mayi wina wachikulire amene ankangopita nayo kutchalitchi. Mayi ameneyu ndikufuna ndidzamuone tsiku lina, chifukwa pafupifupi galimoto iliyonse yogulitsidwa mu Lilongwe inali yake.

Ndinaiyendera bwinobwino, ndipo pamenepa palibe angandinene. Utoto unali waliwali. Mipando yachikopa. Wailesi inkalankhula Chijapani, zomwe zinandipatsa chikhulupiriro. Kumbuyo kunali tayala lapadera lovekedwa chovala chake, kutsogolo kunali chitsulo chogundira ng'ombe. Ndinamenya matayala ndi nsapato, onse anayankha. Ndinatsegula boneti, ndinayang'ana injini kwa nthawi yokwanira kuti anthu aone kuti ndikuyang'ana, ndinagwedeza mutu. Kenaka dobadoba anandionetsa kandodo kakang'ono pafupi ndi ndodo ya magiya. Ndinakakoka, ndipo pa dashibodi panayaka nyali yobiriwira yojambula matayala anayi.

"Mwaona, abigi? Apa ndiye mukhoza kukwera nayo phiri la Mulanje."

Mnyamata wotsuka magalimoto pamalopo, amene palibe anamufunsa, anati, "Bwana, simugona kaye pansi?"

Ndinali nditavala malaya oyera. Panalinso amayi ogulitsa mandasi akuonerera. Dobadoba anamutuma mnyamatayo kukagula mayunitsi.

Tinanyamuka mvula itagwa usiku wonse. Pa golosale paja anyamata a kabaza anathamangira monga mwa masiku onse, ine ndinangotsitsa galasi pang'ono n'kuwakwezera zala ziwiri. Titafika padambo mayi a kunyumba anati, "Inu bambo, bwanji titsike tione kaye polowera?" Ndinawakumbutsa za Dakar. Ndinakoka kandodo kaja, nyali inayaka, tinalowa.

Pakati penipeni galimoto inaima, injini ikubangula. Ndinaika pa 4L, giya yamphamvu ija, ndipo ndivomereze kuti inagwira ntchito: matayala akumbuyo anayamba kukumba mwadongosolo, mosapupuluma, mpaka galimoto inakhala pansi ndi mimba. Ana anali atadzaza kale kutsidya. Kamtsikana kena, kobereka mng'ono wake kumsana, kanaloza n'kukuwa kuti, "Akutsogolowo angokhala!" Ndinatulutsa mutu pawindo. Matayala akumbuyo ankaponya matope mpaka pa nthochi, akutsogolo ali phee, oyera bwino. Nyali yobiriwira ili ngwee.

Anatikoka ndi ng'ombe za apongozi. Anazimasula pangolo, anabwera nazo okha, chipewa chili m'manja, ndipo sananene kanthu kupatula kuti, "Mwafika bwino, akamwini?" Ndinalowa m'mudzi ndili pachiwongolero, liwiro lake losankha ng'ombe. Mayi a kunyumba anayamba kuti, "Chikomekome cha mkuyu..." koma ndinakweza wailesi ya Chijapani ija.

Makaniko amene ndinapitako ku Biwi ndi bambo wachikulire wosakonda mawu ambiri. Boneti sanaikhudze n'komwe. Anakoka katoni yophwasula, anaiyala pansi, anagona chagada n'kulowa kunsi. Kunali zii. Kenaka ndinamva kuseka, kuja munthu amaseka yekha osafuna kuti umve.

"Bwana, tabwerani."

"Ndikumva ndili konkuno, amisiri."

"Izi sizimveka, zimaoneka. Gonani."

Ndinagona. Pansi pa galimoto yangayanga panali dziko lomwe ndinali ndisanafikeko. Anandilozera ndi sipanala. Mphamvu ikachoka mu injini imalowa mu giyabokosi, ikatero imafika m'kabokosi kena kumbuyo kwake, transfer case, komwe ntchito yake ndi kugawa: ina kumbuyo, ina kutsogolo. Kuchoka pamenepo pamayenera kukhala mashafiti awiri, ina yopita ku difu yakumbuyo, ina ku difu yakutsogolo. Yakumbuyo inalipo. Pamalo pa yakutsogolo panali mabowo a mabawuti ndi ukonde wa kangaude.

"Nanga nyali ija?" ndinafunsa.

"Nyali imangodziwa kuti mwakoka ndodo. Zoti kutsogolo kwafika kanthu, siifunsa."

Anapukusa ndi dzanja pomwe shafiti inkayenera kumangidwa pa difu yakutsogolo, ndipo m'kati munamveka kulira kwa zitsulo zosweka. Anati mwini wake wina anatha mano a difuyo, ndipo poona mtengo wake anangomasula shafiti kuti wogula akakoka kandodo asamve phokoso. Ndinati mayi wachikulire wopita kutchalitchi sangachite zimenezo. Anandiyang'ana, tonse tili chagada, ndipo sanayankhe.

Chomwe chimapha difu yotere, anatero, nthawi zambiri si matope. Ndi tala. Galimoto za mtundu wanga, zomwe 4WD yake umachita kuilowetsa, zimamangirira matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuti azizungulira mofanana. Koma pokhota, akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pafumbi kapena pamatope tayala limaterereka pang'ono, mkangano n'kutha. Pa tala wouma palibe chotereka, ndiye mkanganowo umakathera m'mano a zitsulo. Munthu amatuluka m'matope, n'kuiwala kubweza kandodo, n'kuyenda choncho mpaka ku Kasungu akuimba nyimbo. Zina, monga Prado za kuyambira 1996 kapena Pajero zokhala ndi Super Select, zili ndi difu yachitatu pakati yomwe imaweruza mkanganowo, choncho zimayenda ndi matayala onse anayi pa tala popanda vuto, bola usaikhome difu yapakatiyo. Ndinati zimenezo ndinkazidziwa. Anati n'zosangalatsa.

Kenaka anatuluka n'kuzungulira galimoto akuwerenga manambala a pa matayala. Atatu anali a saizi imodzi, lachinayi linali la kwina. Tayala losiyana msinkhu ndi anzake limazungulira mosiyana ulendo wonse, ndipo zitsulo za m'kati zimalipira kusiyanako. Ine matayalawo ndinawamenya ndi nsapato onse, koma nsapato siwerenga.

Pomwe anandimaliza ndi pa oyilo. Anamasula bawuti ya pansi pa difu yakumbuyo, yomwe ndinkaiyesa yabwino, ndipo munatuluka zinthu zotuwira, zosafanana ndi oyilo aliyense amene ndinamuonapo m'botolo. Anati ndi madzi. Difu ili ndi kabowo kopumira pamwamba; ikatentha paulendo n'kulowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala, n'kukoka madzi kudzera pakabowoko kapena m'masilo otopa. Madzi ena anali a dambo la apongozi, koma dzimbiri lomwe linali pa bawutiyo linali la madambo a eni ake akale. Bawutiyo ili ndi maginito. Anandionetsa nsonga yake: phala losalala lakuda ndi ukalamba wamba, koma tizidutswa tomwe chala chikutimva ndiye kuti m'katimo zitsulo zikudyana. Chala changa chinatimva.

Ndinafunsa, mongofuna kudziwa za anthu ena, kuti munthu wogula amayenera kutani. Anati choyamba abwere ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa. Aitulutse galimotoyo pa tala, apeze fumbi, alowetse 4H ndi 4L ndipo wina aime panja aone ngati matayala akutsogolo akukokadi. Akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono mawindo ali otsegula, wailesi itazimitsidwa. Mawu akuti itazimitsidwa anawabwereza. Kukamveka thi-thi-thi kutsogolo, ndiye kuti ma CV joint atha, ndipo kawirikawiri mupeza kalabala kake kang'ambika, girizi anathawa, mchenga unalowa. Ngati ndi ya otomatiki, aponde buleki n'kuchoka pa D kupita pa R: kugunda kwa gu! kumanena za makolosi a shafiti kapena difu yomwe mano ake atalikirana. Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki azikhala wofiirira. Akada n'kumanunkha chopserera, tsanzikani mwaulemu. Kulira kwa wuuu komwe kumakwera ndi liwiro n'kusintha mukachotsa phazi pa moto, ndi difu kapena mabering'i. Ndipo galimoto yomwe 4WD yake sinagwirepo ntchito si mwayi ayi, makamaka zija zolowetsa ndi batani: kamota kake kamauma chifukwa chongokhala. Zochokera kumpoto kwa Japan, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, muziyang'ane dzimbiri pa chasisi.

Zonsezi ananena akupukuta m'manja, osandilipiritsa. Zolipira zinabwera pambuyo, papepala, ndipo nditaziwerenga ndinapempha kuti ndikhale kaye pa katoni paja.

Shafiti tinaipeza pa kaunjika wa zitsulo mosavuta. Difu ndiye nkhani ina. Yakutsogolo iyenera kufanana ndi yakumbuyo pa kawerengedwe ka mano ake, apo ayi matayala akutsogolo ndi akumbuyo azithamanga liwiro losiyana mpaka china chithyoke. Galimoto ziwiri zofanana nkhope, chaka chimodzi, zikhoza kusiyana m'kati chifukwa ina ndi ya dizilo ina ya petulo, ina ya otomatiki ina ya manyuwo. Mnyamata wina anandibweretsera difu pa njinga akulumbira kuti ndi yomweyo. Amisiri anawerenga mano, anamuuza kuti abwerere nayo asanatope.

Pakadali pano ndasanduka mlangizi. Kutchalitchi anthu akamatuluka amapeza miyendo yanga ikusuzumira pansi pa galimoto ya mkulu wa mpingo. Pa maliro ena ndinauza bambo wina wolemekezeka kuti silo ya difu yake ikudontha, iye n'kundifunsa ngati ndine wachibale. Kuntchito anzanga akandiona ndikuyandikira pomwe aimika magalimoto amayamba kuyang'ana mafoni. Yangayo imayenda bwino kwambiri pakati pa Area 25 ndi mtauni, ndipo pa maloboti ndimaona madazi a anthu ambiri. Kumudzi ndinapitanso dzinja lomwelo. Anyamata a kabaza pa golosale paja anandikwezera zala ziwiri, ndipo mtengo unali utakwera.

Mayi a kunyumba analamula kuti igulitsidwe. Ndinaitsuka, ndinapaka matayala polishi, ndinalemba pagalasi. Ogula akubwera ndithu, anthu aulemu, ovala bwino. Amakonda mipando. Amafunsa ngati wailesi ingaphunzire Chichewa. Ine ndinatsimikiza mumtima kuti aliyense wofunsa za kutsogolo ndimuuza zoona zokhazokha, ndipo mpaka lero chikumbumtima changa chili mbee, chifukwa palibe wafunsa.

Loweruka lapitali kunabwera mayi wina wa ku Mchinji, mlimi wa mtedza, chitenje chili m'chiuno. Utoto sanauyang'ane. Anandipatsa moni, anafunsa za ana, kenaka anatembenukira mnyamata amene anabwera naye n'kunena kuti, "Tatsitsa katoni ija."

Ndinawauza kuti pepani mayi, galimotoyi wina wapereka kale chikole.