Mwetsani Galimoto Madzi, Petulo Musiyire a ku Kabulonga

Kumapeto kwa mwezi uliwonse bungwe la ERB limalengeza mitengo yatsopano ya mafuta, ndipo usiku umenewo ndi pamene akatswiri a sayansi amabadwa mu Lusaka. Chiyambire Disembala 2021, pamene boma linachotsa sabuside petulo n'kudumpha kuchoka pa K17.62 kufika pa K21.16 lita imodzi, mzinda uno sunasowepo munthu wodziwa kuyendetsa galimoto osadutsa papampu. Mu 2024 mtengo utapitirira K30, akatswiriwo anachuluka kuposa galimoto zimene. Ena amati mangirirani maginito papaipi ya mafuta, ena amati ponyani timibulu m'thanki. Koma amene anafika patali ndi sukulu amati injini ipatseni madzi. Ndiye inu a ku Lilayi, amene m'mawa uliwonse mumalowa mu Kafue Road n'kukakhala pamzere kuyambira ku Makeni mpaka pa Kafue Roundabout, singano ya mafuta ikugwa inu mukuyang'ana, tcherani khutu. Malangizowa ndi aulere.

Muyambe mwakonza mutu wanu, galimoto ibwera pambuyo. Mukhulupirire ndi mtima wonse kuti mainjiniya onse a Toyota ku Japan amadziwa kuti Vitz ikhoza kuyendera madzi, kungoti makampani a mafuta anawatseka pakamwa. Chinsinsi chimenechi anachibisira dziko lonse lapansi, koma chinawapulumuka n'kukafika pafoni ya mlamu wanu wa ku Chelstone, amene alibe ngakhale njinga. Nzeru yake ndi yomwe ija ya kukhitchini: alendo akachuluka nkhuku ili imodzi, mumathira madzi mumphika, msuzi n'kukwanira onse. Wina akakuuzani kuti madzi sayaka, kuti iwowo ndi zotsala moto ukamaliza ntchito yake, kuti lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi, omwe aja mumawaona akudontha kuekizozi m'mawa wa mu Juni, musataye naye nthawi. Ameneyo ndi wansanje, kapena ali ndi m'bale wake wogulitsa mafuta.

Zida sizovuta. Botolo la saladi lomwe latha, kapaipi ka dripi, ndi malegeni omangirira botololo pambali pa batire. Kapaipi ka dripi n'kabwino chifukwa kali ndi kagudumu kochepetsera madontho, ndiponso mukatsekula boneti galimoto imaoneka kuti ikulandira chithandizo. Kenako mufune paipi yomwe injini imakokera mpweya kuti mulumikizepo. Pali timapaipi tambiri, koma munthu wamkulu sasankha kakang'ono. Dulani yonenepa ija yopita ku chinthu chakuda chobulungira chomwe chili kutsogolo kwa mapazi a dalaivala. Imeneyo ndiyo imathandiza phazi lanu kugwira mabuleki, ndiye ikayamba kuphonya mpweya, pedulo imauma gwa, galimoto n'kumaima pomwe yafunira yokha. Inu a ku Lilayi musadandaule. Koleji ya apolisi muli nayo pakhomo, ndipo mukakaimira pampanda pawo simudzasowa wokulemberani sitetimenti.

Madzi ake tungani a pachitsime cha panyumba. Lusaka anakhala pamiyala ya laimu, ndipo madzi a pansi pano amabwera ndi laimu yemweyo. Tsekulani ketulo yanu muone chikoko choyera chomwe chamata pansi pake. Chimenecho ndicho mukufuna kuti chikamate pamavavu ndi pamapulagi. Madzi osungunula aja othira m'batire amagulidwa ndi ndalama, ndipo ife pano tikupulumutsa ndalama.

Tsopano mudzafunika zoyankha, chifukwa otsutsa sadzalephera kubwera. Mwayi wanu ndi woti mbiri ili kumbali yanu, bola muziinena theka lokha. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege za Germany za Messerschmitt Bf 109 zinkapopera m'injini madzi osakaniza ndi methanol, chinthu chomwe ankachitcha MW 50. Ndege za America za P-47 Thunderbolt nazonso zinali ndi zake. Zimenezi n'zoona, zineneni mokweza. Chomwe musanene n'chakuti woyendetsa ndege ankatsekula madziwo kwa mphindi zochepa chabe, pamene akuthawa kapena kuthamangitsa mdani, ndiponso kuti cholinga chinali kuwonjezera mphamvu, mafuta akupsa ambiri kuposa kale. Za methanol nazo musazitengere kutali. Ndi poizoni, ndipo amene aganiza zoti m'malo mwake athiremo kachasu adziwe kuti kachasuyo sadzafika kuinjini.

Mmene zimagwirira ntchito kumene zimagwirako ndi motere. Injini ya tebo imapanikiza mpweya, mpweya wopanikizidwa umatentha, ndipo ukatentha kwambiri petulo amaphulika yekha nthawi yake isanakwane. Poopa kuti injini ingaphwanyike, kompyuta ya galimoto imathira petulo wowonjezera kuti aziziritse mkati, petulo amene sayendetsa n'komwe galimoto. Mukapopera nkhungu ya madzi pa nthawi yomweyo, madziwo amasanduka nthunzi n'kuchotsa kutentha, petulo woziziritsira uja osafunikanso. Mu 1962 kampani ya Oldsmobile ku America inagulitsa galimoto ya tebo yotchedwa Jetfire yokhala ndi kathanki ka madzi opopera motere, koma eni ake ankaiwala kukadzaza, ndipo galimotoyo inangopangidwa zaka ziwiri basi. Mu 2016 BMW inatulutsa M4 GTS, galimoto 700 zokha, iliyonse ndi thanki ya malita 5 ya madzi osungunula m'buti, pampu yake, ndi kompyuta yowerengera dontho lililonse. A Bosch, omwe anathandiza kupanga zida zake, ananena okha kuti njirayi ikhoza kupulumutsa mafuta mpaka 13 peresenti pothamanga kwambiri, koma pafupifupi 4 peresenti pakayendedwe wamba. Inu muzitchula 13 yekhayo, ndipo palibe choletsa kumukweza kufika pa 40 mukakhala kubala.

Funso loti Vitz yanu ili ndi tebo kapena ayi ndi lamwano, musaliyankhe. Musavomerenso kukambirana zoti Lusaka ali pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera panyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka kale, moti injini yopanda tebo ikamakwawa mugiya yoyamba pa Makeni ilibe kutentha koti muipulumutseko. Kapaipi kanu kali ndi luso lina lomwe a BMW sanalifikire: injini imakoka kwambiri pamene phazi mwalichotsa pamoto, ndiye madzi ambiri amalowa galimoto itaima pamzere, pamene sakufunika, n'kuchepa mukaponda pokwera, pamene akanathandizako. Uku ndi kuganiza kwatsopano.

Akakupanikizani zedi, tchulani Stanley Meyer wa ku Ohio, amene ankati galimoto yake imayendera madzi okhaokha. Dzina lokhalo limatseka anthu pakamwa. Nkhaniyo muilekeze isanafike 1996, chaka chomwe khoti linapeza kuti ndi chinyengo n'kumulamula kuti abweze $25,000 kwa anthu awiri omwe anaikamo ndalama zawo.

Poyesa ngati zikugwira ntchito, samalani kwambiri, chifukwa ambiri amagwa apa. Musachite zodzaza thanki, kulemba makilomita, n'kudzadzazanso kuti muwerengere. Masamu otere amapha chikhulupiriro. Thirani wa K100 monga mwa masiku onse, muyende Lamlungu m'mawa msewu uli mbee, phazi likhale lopepuka chifukwa mukumvetsera botolo lanu, ndipo mukafika ku Kabwata singano isanasunthe muimbire mlamu wanu kumuuza kuti zatheka. Kuti chapulumutsa mafuta ndi phazi lopepukalo ndi msewu wopanda mzere, zimenezo n'zapakati pa inu ndi phazi lanu. Kagetsi kachikasu kakayaka padashibodi, ndiye kuti kompyuta yaona mpweya wolowera pakhomo lakuseri ndipo yayamba kuwonjezera petulo kuti zigwirizane. Matanipo kaselotepi kakuda.

Sabata ikatha osaona kusintha m'thumba, vuto ndi loti madzi akuchepa. Tsekulani kagudumu ka dripi mpaka kumapeto. Apa ndiye pofika pachimake, chifukwa mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika. Pistoni ikakwera n'kupeza madzi atadzaza pamwamba, ilibe kolowera, ndipo chomwe chimagonja ndi konirodi. Mudzamva kamodzi kokha kuti gu, galimoto n'kukhala chete pakati pa msewu, mabasi a Hiace akukuimbirani hutala ngati mwachita dala. Amene ali ndi ulesi wopanga zonsezi angodikira Januwale n'kukalowetsa galimoto m'madzi osefukira a ku Kanyama. Zotsatira zake n'zomwezo, ndipo botolo la saladi limatsala kukhitchini.

Makanika akabwera adzasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kuona oyilo atatuwa, n'kuyang'ana botolo lanu lomangidwa ndi malegeni, kenako n'kuyang'ana inu.

"Bwana, motoka iyi munagwa nayo mumtsinje?"

"Ayi, ndi sayansi ya ku Germany."

"Chabwino bwana. Sayansiyo yapinda konirodi. Tigule injini ina kapena tichite ovaholo?"

Musakwiye naye, sanapite patali ndi sukulu. Funsani mtengo wa zonse ziwiri, mukhale pansi pomva yankho lake, kenako mumuuze kuti mubwera kumapeto kwa mwezi. Mayi a kunyumba akafunsa kuti, "Kodi bambo, galimoto ija ili kuti?" muwauze kuti ili pa kafukufuku.

Kuyambira tsiku limenelo ndiye mudzaone phindu lenileni. Galimoto yokhala pamiyala kugalaja simwa ngakhale dontho limodzi la petulo. A Bosch ndi mainjiniya awo onse analekezera pa 13 peresenti, inu mwafika pa 100. ERB ikweze, itsitse, paipi ya mafuta ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam iphulike kapena isaphulike, inu sizikukukhudzani. Matayala sakutha, apolisi apamsewu sakukuimitsani, ndipo achibale omwe ankakubwerekani galimoto pa maliro aliwonse aiwala nambala yanu.

Padzapezeka anthu okuuzani njira zina. Adzati pimitsani mpweya wa m'matayala sabata iliyonse, sinthani sefa ya mpweya yomwe yadzaza fumbi la mu Okutobala, tsitsani matumba awiri a simenti ya ku Chilanga omwe akhala m'buti chiyambire Isitala, nyamukani mzere usanayambe, kapena gwirizanani ndi aneba atatu opita ku Woodlands muzisonkherana mafuta. Zonsezi zimagwira ntchito, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Palibe chinsinsi, palibe wobisa, palibe choti mukaonetse anzanu mutatsekula boneti. Munthu sangatchuke ku Lilayi chifukwa chopopa matayala.

Konzekeranitu ndalama zosinthasintha za basi, ndipo muzilawirira chifukwa m'mawa mipando imatha msanga. Mukapeza mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala, kambani naye za mpira, za mvula, ngakhale za ndale. Koma chonde, za botolo ndi kapaipi ka dripi musamuuze. Enafe basi imeneyo ndi yomwe timadalira.