A Safunsa Agula Kagalimoto

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Munthuyo anapeza chisa cha njuchi, ndipo m'malo mofunsa eni dera kuti chodyedwa n'chiti, anatafuna phula tsiku lonse n'kumadabwa kuti uchi anthu amautamiranji. Chimene mwambiwu sutiuza n'chakuti bamboyo sanafe nalo phulalo. Ali moyo, anapita kusukulu, ali pa ntchito yabwino mumzinda wa Zomba, ndipo posachedwapa aitanitsa kagalimoto kuchokera ku Japan, kodzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe.

Kagalimotoko mumakadziwa. Ngati si Suzuki Jimny ndiye ndi Pajero Mini: kakafupi, kokwera m'mwamba, tayala lapadera litapachikidwa kumbuyo. Pafupi ndi giya pali kandodo kena kolembedwa 2H, 4H ndi 4L, ndipo kandodoko ndi kamene kamawasowetsa tulo a Safunsa. Munthu sangalipire msonkho wonse uja pa chipata kuti azingoyenda pa tala kuchokera ku Matawale kupita ku ofesi, n'kubwereranso madzulo. Kandodo kafunika kukokedwa. Ndiye Loweruka lina m'mawa amadzuka, kuvala kabudula ndi chipewa, kunyamula mayi a kunyumba ndi alamu awo, n'kunyamuka kukasaka msewu woipa.

Kusaka msewu woipa m'Malawi muno ndi ntchito yodabwitsa, chifukwa kawirikawiri msewuwo ndiwo umakusaka. Anthu a ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, akhala akumva malonjezo a msewu wa Lirangwe–Chingale–Machinga kwa zaka zambiri. Mutawauza kuti pali bambo wina amene anagona pa mzere wa mafuta n'cholinga choti akapeze matope osewerapo, angakuyang'aneni kawiri, kenako n'kukupemphani kuti bamboyo adzabwere mu Febuluwale adzawanyamulire odwala. Komabe tisawanyoze kwambiri a Safunsa. Phiri la Zomba lilidi ndi misewu yoyenera kagalimoto kotere, ndipo ndi uchi weniweni. Tala amakukwezani kuchokera m'tauni mokhotakhota mpaka ku hotela ya Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi, limene madzi ake timamwa tonse kumunsi kuno. Kupitirira apo ndi misewu yadothi ya a zankhalango, imene anailambula kuti azisamalira ndi kututa mitengo ya paini. Ndi imeneyi imakufikitsani ku mathithi a Williams, ku damu la Chagwa, ku Queen's View ndi Emperor's View, ndiponso ku dzenje la Chingwe kumene munthu amaona chigwa cha Shire chili tantha pansi pake. Nsonga ya Malumbe, yotalika mamita opitirira 2,000, imakuyang'anirani ulendo wonse.

Vuto la a Safunsa amakono ndi lakuti amakhulupirira kuti anasintha. Mukawanena kuti safunsa amakwiya, n'kukulozerani foni imene aimata pa galasi lakutsogolo. Anagula bandulo, anatsegula Google Maps, ndipo mayi wa mufonimo akuwalankhula Chingerezi chosalala. Mayiyu ndi waulemu, satopa, sapempha ya sopo. Koma sanapondepo Zomba. Sakudziwa kuti usiku wathawu mvula inagwa kumtunda pamene m'tauni munali nyenyezi. Sakudziwa kuti mtengo wagwera pakati pa msewu, kapena kuti kalavati wina anapita ndi madzi. Namondwe wa Freddy anadutsa m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023 n'kusintha mitsinje ndi misewu yambiri, koma mayiyu palibe anamuuza. Kwa iye mzere ndi mzere. Njira imene ocheka matabwa anatsegula chaka china n'kuisiya atamaliza kudula, ndi njira imene anthu amatsikira wapansi atasenza katundu, zonse zingathe kuoneka zokopa pa kagalasi. Ndipo pamene mwafika pa mphambano yopanda chikwangwani, m'chigwa, pakati pa mitengo, pamene munafunikira mawu ake kuposa kale lonse, netiweki imathawa ndipo mayiyo amangoti zii.

Chikhalirecho, odziwa njira a Safunsa awadutsa kale, magalasi atatseka. Anadutsa anyamata ogulitsa masitiroberi ndi zipatso zina m'mbale m'mbali mwa tala. Anadutsa operekeza alendo amene amadikirira pafupi ndi Ku Chawe, anthu oti mphambano iliyonse amaidziwa ndi dzina. Anadutsa amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa kagalimoto kawoko, amene achokera kumene iwo akupitako m'mawa womwewo. Njira yotchuka ya Potato Path, yoongoka kuchokera pamwamba kutsikira m'tauni, dzina lake linachokera kwa anthu otere, osenza mbatatesi kupita nazo ku msika. Mapazi awo ndiwo mapu a phirili. Koma kuwafunsa kuli ndi mtengo wake. Uyenera kuima, kutsitsa galasi, kupereka moni wonse mpaka ana ndi kunyumba, mwinanso kugula mbale ya zipatso. Choposa zonse, uyenera kuvomera pamaso pa alamu ako kuti sukudziwa. Apa ndi pamene phula limayamba kukoma.

N'zoseketsa kuti malo amene a Safunsa akuthamangira anatchulidwa mayina a anthu amene sanachite manyazi kutsogoleredwa. Queen's View ndi chikumbutso cha mayi ake a Mfumukazi Elizabeth II, amene anafika mu 1957. Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia, amene anaimapo mu 1965, Zomba idakali likulu la dziko. Mfumu ya mafumu inalola kuti wina aiuze kuti bwana, tikhote apa. Koma mwini Pajero Mini ya injini ya 660cc akuona kuti kufunsa kungamuchotsere ulemu. Ndipo akafika mu Juni kapena Julaye osafunsa za nyengo, chiperoni chitakuta phiri, pamalo pamene mfumuyo inaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, iye amaona boneti yake basi.

Pano ndiyenera kuwateteza pang'ono, chifukwa mwambiwu unasiya chinthu chimodzi: wofunsa mopusa naye amadya phula lomwelo. Mmalawi sakonda kukhumudwitsa mlendo. Imani pa mphambano, mufunse bambo amene akukankha njinga kuti, "Bambo, uku galimoto imadutsa?" Adzayang'ana kagalimoto kanu kowala, adzaona chimwemwe chili pankhope panu, n'kuyankha kuti, "Eee, imadutsa bwinobwino, bwana." Sananame. Inadutsadi: inali lole ya matabwa, mu Seputembala. Mukafunsa ngati kuli kutali adzati, "Ayi, m'pompa, mukangokwera apo n'kutsika mwafika." Apanso sananame, kungoti iye amatsika phiri lonseli wapansi n'kukafika ku msika dzuwa lisanatenthe, choncho pompa wake ndi wanu sagwirizana.

Kufunsa njira ya m'phiri kuli ndi mafunso atatu, ndipo amabwera moni atatha. Loyamba: galimoto yomaliza inadutsa liti? Lachiwiri: inali yotani? Lachitatu, lomwe ambiri amaiwala: kodi munaionanso ikubwerera? Mafunsowa mufunse anthu atatu osiyana, ndipo mayankho akasemphana mukhulupirire amene nsapato zake zili ndi matope atsopano. Woweruza wamkulu ndi wa kabaza wa njinga yamoto. Munthu ameneyu amanyamula matumba awiri a chimanga, mayi ndi mwana, n'kudutsa pamene mbuzi imaima kaye kuganiza. Iye akakuuzani kuti, "Bwana, uko ine masiku ano sindikupitako," tembenuzani galimoto mukamwe tiyi.

Pali wina amene a Safunsa anamulambalala ulendo usanayambe, ndiye makaniko wawo. Akanamufunsa, akanawauza kuti pa galimoto zokhala ndi kandodo kotere, 4H ndi 4L sayendera pa tala wouma, chifukwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakhala atamangidwa pamodzi, ndipo pokhota zitsulo zam'kati zimalimbana. Akanawauza kuti 4L amalowetsa matope asanayambe, galimoto itaima. Akanawauza kuti potsika phiri galimoto imagwiridwa ndi giya yaing'ono, chifukwa mabuleki ukawaponda kuchokera ku Ku Chawe mpaka kumunsi amatentha n'kusiya kugwira, pomwe kumbali kuli phompho. Akanawakumbutsa kuti masamba a paini akanyowa pamwamba pa dothi lofiira amaterera, ndi kuti m'buti muzikhala khasu, chikwanje ndi chingwe cholimba, osati mowa wokha. Akanawafotokozeranso za malole. Lole yodzaza matabwa ikadutsa nthawi ya dzinja imasiya ngalande ziwiri zakuya ndi mtumbira pakati. Kagalimoto kakang'ono n'kopapatiza kuposa lole, ndipo mimba yake ili masentimita pafupifupi 20 kuchokera pansi. Tayala limodzi likagwera m'ngalande, mimba imakhala pa mtumbira, matayala n'kumangozungulira m'malere. Kagalimoto ka mamiliyoni kamakhala phee ngati nkhuku yofungatira mazira.

Apa a Safunsa amaponda mafuta. Matope amawaza mitengo, fungo la kilatchi limadzaza m'galimoto, alamu amatsika n'kuyamba kupereka malangizo atapisa manja m'matumba, ndipo mayi a kunyumba amangoyang'ana kutsogolo osanena kanthu, zomwe n'zopweteka kuposa mawu. Ndiye pamachitika chozizwitsa chimene aliyense woyenda m'misewu ya kumudzi anachionapo. M'nkhalango imene mumaganiza kuti mulibe munthu, anthu amatulukira. Woyamba ndi mwana, amene amaima chapatali n'kumangoyang'ana. Kenako anyamata awiri, wina ali ndi khasu kale m'manja. Kenako bambo wa njinga uja. Pomaliza amafika mayi mmodzi mwa osenza nkhuni, amene amatula mtolo wake, kukonza nkhata, n'kupereka moni wonse uja umene a Safunsa anauthawa m'mawa.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera, kaya inu, mayi."

"Taswera. Pepanitu ndi ulendo. Kodi mumapita kuti?"

"Ku dzenje la Chingwe."

Onse amayang'anana. Mmodzi mwa anyamata aja amaloza kumbuyo ndi mlomo. Njira ya ku Chingwe anaisiya pa mphambano yachiwiri. Iyi imathera pa mulu wa utuchi pamene ankachekera matabwa.

Ntchito imayamba, ndipo ndi yaluso. Amakumba mtumbira pansi pa mimba ya galimoto, amadula nthambi n'kuyala m'ngalande, amatolera miyala n'kutsendera kumatayala. Mnyamata amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire amaima kutsogolo n'kumalamula mwini galimoto: "Osaponda kwambiri, bwana! Pang'onopang'ono! Wongolani! Bwererani!" Ndipo mwini galimoto, wa madigiri ake, amamvera mawu alionse. Ubwino wa kagalimoto kakang'ono ndi womwewu, kuti anthu asanu akati limodzi, kamatuluka. Onse amaomba m'manja, matope ali thupi lonse, ndipo palibe amene akuchoka. Aima mozungulira chitseko cha dalaivala, akupukuta manja pang'onopang'ono, akuyang'ana kumwamba ngati mvula ibweranso.

Pamenepo a Safunsa amatsitsa galasi mpaka pansi, amatulutsa chikwama, ndipo amafunsa funso lawo loyamba la tsikulo, momveka bwino ndiponso mwaulemu wonse: "Ndiye zikhala zingati, achimwene?"